Bokosi Linapita pa Ndege

Pakhomo ankangomuitana kuti Chitsiriza, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Bambo awo atafa ziwalo, iye anatseka kashopu kake kosokeramo zovala n'kubwerera kunyumba. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwamwetsa mankhwala pa supuni. Achimwene ake aakulu, omwe ankakhala ku tauni ina kumene anaikidwa mayi awo, ankangoimba foni.

Bambo atamwalira, achimwenewo anafika pa ndege ndi akazi awo. Anati maliro akaikidwa pambali pa mayi.

"Pa ndege m'pafupi," anatero achimwene. "Ngakhale ola silikwana. Kumanga lamba, kumwa tiyi, basi mwatera."

Chitsiriza anali asanakwerepo ndege. Anasita diresi lake lakuda, m'mawa n'kupita nawo ku bwalo la ndege. Pagalasi anaona amuna ovala majekete owala akulowetsa bokosi kumimba kwa kandege koyera. Atafika pamzere, alamu ake anatulutsa matikiti awiri.

"Yanga ili kuti, achimwene?"

"Iwe ukwera basi. Pali nkhata za maluwazi ndi masutikesi a bambo. Ndegeyi ndi yaing'ono."

"Kunyamula munazolowera kale, alamu," anawonjezera akazi awo, maso ali pa foni.

"Koma mundidikira?"

"Tingaike bambo iwe palibe?"

Msewu wa basi unkazungulira mapiri amene ndege inangowadumpha. Basiyo inkaima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Chitsiriza anafungatira nkhatazo pamiyendo, kuziteteza kwa anthu oimirira. Masana anaimbira achimwene, foni inangolira. Anaimbanso, anapeza yazimitsidwa.

Anafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa. Pabwalo la nyumba ya achimwene, anthu a tenti anali akuzula zikhomo ndi kusanjikiza mipando. Alamu ake anatuluka atavula kale nsapato zazitali.

"Mwafika? Abusa anali ndi kwina, ndiye tinangoti tithane nazo. Ndi kutenthaku, thupi silikanadikira."

Chitsiriza anayang'ana pakhonde pamene achimwene ankatsanzikana ndi alendo. Mayi wina wovala chipewa anali atawagwira dzanja, akuwayamikira kuti ana otere ndi osowa, osamalira kholo mpaka kulikweza ndege. Achimwene anaweramitsa mutu modzichepetsa.

"Nanga uyu ndi ndani?" anafunsa mayiyo ataona masutikesi.

"Ndi amene ankatithandiza kuwayang'anira kunyumba kuja," anayankha achimwene.

Alendo atapita, Chitsiriza anapempha kuti wina amuperekeze kumanda.

"Atseka geti panopa," anatero achimwene. "Tiona mawa, ngati galimoto ikhalepo."

Alamu ananyamula nkhata imodzi, n'kuigwedeza, maluwa anayoyokera pansi.

"Izi zafota, kazisiyeni kuseri. Mukatero mubwere kukhitchini, mbale zachuluka ndipo wantchito waweruka."

Chitsiriza anakazisiya kuseri, pafupi ndi bini. Kenako anapinda manja a diresi n'kutsegula mpopi.