Kansalu Kofiira ka a Merle

Darla Zerbe ankadana ndi zinthu ziwiri pakhomo pake: nsapato zamatope pa kapeti, ndi mfuti yogona ndi wonga m'mimba. Nkhondo ya nsapato anapambana kalekale. Ya mfuti ndiyo inkamuvuta, chifukwa apongozi ake, a Merle, akamva mawu ake ankangoti ndi galu wa aneba akuuwa.

A Merle anabwera kudzakhala nawo chaka chimene anaika akazi awo m'manda. Anabwera ndi mpando umodzi, thumba la mankhwala, ndi mfuti yawo yaitali ya gogodera, ija yothirira kukamwa, yoyatsa wonga ndi mwala. Mwana wawo Curtis, mwamuna wa Darla, ankayendetsa mathiraki ndipo pakhomo ankangodutsapo ngati mlendo. Choncho nkhalambayo inali katundu wa Darla yekha.

Kuno kumapiri a Pennsylvania, Khirisimasi ikangodutsa mbawala timasaka ndi gogodera basi. Lolemba a Merle anakakhala pansi pa mtengo tsiku lonse osaona ngakhale mchira. Atabwerako anakhuthula wonga wa pakambale koyatsira, anatseka kabowo ka moto ndi kamtengo kotokosera m'mano, anamanga kansalu kofiira pokokera chala, n'kuimika mfutiyo pakhonde lakumbuyo, pambali pa firiji ya nyama. Kansaluko ndiko kanali lamulo lawo. Kakakhalapo, m'mfutimo muli wonga ndi chipolopolo. Kakapanda kukhalapo, mulibe kanthu. Bambo awo ankatero, agogo awonso ankatero.

Darla anakaona Lachiwiri m'mawa akukatenga soseji.

"Bambo, chija chili pakhonde chili ndi mimba eti?"

"Chili nayo, ndipo chidzachira Loweruka," anatero a Merle, maso ali pa nyuzipepala. "Mzamba wake ndi Tess."

Tess anali mwana yekhayo wa Darla, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chilimwe chonse agogo ake anakhala akumuphunzitsa kuthira wonga ndi kutsendera chipolopolo, ndipo Loweruka limenelo ndi limene anamulonjeza kuti anyamula gogodera kutchire koyamba.

"Kaiwombereni pachitsa chija cha kuseri kwa nyumba. Lero," anatero Darla.

"Iwe, ukudziwa kuti ndikawomba ndiye kuti ndatsuka? Ola lathunthu ndili m'madzi otentha, kenako kuumitsa, kenako mafuta. Ndiye iwe wemweyo uyambe kulira kuti khitchini yako ikununkha mazira owola."

"Bola mazira owola kusiyana ndi maliro."

"Wonga suwonongeka pozizira. Bambo anga ankathira pa Khirisimasi n'kudzawomba pakati pa Januwale, mbawala n'kugwa. Chimene chimapha wonga n'kulowetsa mfuti yozizira m'nyumba yotentha, n'kuyamba thukuta m'kati. Yangayo ili pabwino. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Mawuwo agonere. Wonga ayi. Bambo anuwo anapita kumanda ndi zala zisanu ndi zitatu, ndinaziwerenga ndekha m'bokosi."

"Anali macheka amenewo, wamwano iwe!"

"Kaya macheka, kaya chiyani. Mverani bwino. Mukufuna mdzukulu wanu kutchire, ine ndikufuna mfuti yopanda kanthu pakhomo panga. Pofika Lachinayi ikhale itawomba. Apo ayi, Tess sapita."

"Lachisanu."

"Lachinayi."

"Koma mkazi iwe! Ngati munthu akugula ng'ombe pa okushoni."

"Ng'ombe imamva ikauzidwa kawiri."

Lachinayi Darla anaweruka kufakitale ya nkhuku miyendo ikuwawa. Polowa anadzera pakhonde lakumbuyo. Mfuti inali pamalo pake, kansalu palibe.

"Ndawomba masana iwe uli kuntchito," anatero a Merle ali pampando wawo. "Wakhutira, abwana?"

"Mukanatero Lachiwiri mukanafa?"

Darla anavula nsapato n'kukayamba kusenda mbatata. Anali wotopa, ndipo munthu wotopa amakhulupirira chimene akufuna kumva.

Loweruka anadzuka kusanayere. Darla anali kukhitchini akukonza masangweji ndi khofi wa m'fulasiki. A Merle anali panja akupala madzi oundana pagalasi la galimoto, akutukwana nyengo. Pakhonde lakumbuyo pankamveka kugogoda, go, go, go, koma Darla anangoti mwana akukutumula nsapato.

Tess analowa atavala chijekete cha lalanje, mfuti ili m'manja, kukamwa kwa mfutiyo kutaloza kudenga, nkhope ikuwala.

"Amayi, ndathira ndekha! Wonga ndayeza, chipolopolo ndatsendera, zonse mmene anandiphunzitsira agogo. Pakambale ndidzathira tikafika."

Nthawi yomweyo a Merle ankalowa pakhomo lakumaso akupukuta mphuno ndi golovesi. Anaima pomwepo.

"Wati wachita chiyani?"

"Ndathira, agogo. Kansalu panalibe, ndayang'ana kaye."

A Merle anatsegula pakamwa. Anayang'ana Darla, n'kutsekanso.

"Wachita bwino. Bweretsa kuno, ndinyamula ndine."

"Aa, agogo, si munati lero ndi yanga?"

"Ndati bweretsa! Kalowe m'galimoto, kukucha."

Anamulanda mfutiyo n'kutuluka nayo msangamsanga, ataigwira kutali ndi thupi ngati anyamula mphika wowira. Tess anawatsatira akung'ung'udza.

Darla anatsala ndi mpeni m'dzanja. Zaka makumi awiri ankawadziwa a Merle, ndipo anali asanawaonepo akumeza mawu. Nkhalambayo inkatha kukangana ndi wailesi. Darla anaika mpeni pansi n'kupita pakhonde lakumbuyo. Chidebe chotsukira mfuti chinali pakona. Lolemba iye mwini anaponyamo mapepala okulungira mphatso za Khirisimasi, ndipo anali momwemo, ouma, osakhudzidwa. Anatsegula bini. Munalibe tinsanza takuda, ngakhale kamodzi. Ananunkhiza mpweya. Gogodera ikatsukidwa, fungo la mazira owola limakakamira m'makatani masiku atatu. Nyumba yake inkanunkhira khofi.

Anatuluka ndi masilipasi pa chipale chofewa. Galimoto inali ikulira kale, Tess ali m'kati, a Merle akugoneka mfuti kumbuyo. Darla anapisa dzanja pazenera, anazimitsa injini n'kuika makiyi m'thumba la epuloni.

"Wayamba misala?" anatero a Merle.

"Tsitsani mfutiyo."

"Tikuchedwa, iwe! Mbawala sizidikira amayi a m'khitchini."

"Lachinayi munawombera kuti?"

"Pachitsa. Ndinakuuza."

"Munatsukira m'chiyani?"

"M'chidebe."

"Chidebe chija chodzaza mapepala a Khirisimasi? Munatsuka ndi mapepala?"

"Ndinatsukira m'galaja. Kodi ndine mkaidi pano? Ndizipempha chilolezo ndikafuna kupita kuchimbudzi?"

"Amayi, chonde," anatero Tess akutsika. "Tsiku limodzi lokha simungawasiye agogo? Mumangofuna chokangana!"

"Iwe khala chete, imirira kumbuyo kwanga. Bambo, kutsutsa galu n'kukumba. Ndipatseni ndodo."

A Merle sanasunthe. Darla anaikoka yekha mfutiyo. Anali mwana wa mlenje, ankadziwa pogwira. Anaona kaye kuti pakambale palibe wonga, anailozetsa kuphiri, n'kusolola ndodo yotsendera. Anaigwetsera mumpope wa mfutiyo mpaka inagunda, anaitsina ndi zala pomwe mpope wathera, anaitulutsa n'kuigoneka kunja, motsatira mpopewo. Nsonga ya ndodo inalekeza kutali ndi kabowo ka moto. Danga limenelo ndilo linali zimene zili m'kati.

"Tess, wonga wa kamodzi ndi chipolopolo chake zimatenga malo a zala zingati?"

"Sindikudziwa. Agogo amati kansalu n'kokwanira."

"Zitatu. Ika zala zako apa uwerenge."

Tess anavula golovesi. Anaika dzanja lonse, malo n'kutsalabe. Anawonjezera chala cha dzanja linalo.

"Zisanu ndi chimodzi," anatero ndi mawu aang'ono.

"Wonga, chipolopolo, wonga, chipolopolo. Ndipo tsaya lako likanakhala apa." Darla anamenya thako la mfuti ndi chikhatho. "Chitsulo chimenechi n'chakale kuposa agogo akowa. Chikanaphulika, tikanakutola ndi fosholo."

"Ndikanachotsa tikafika kutchire!" anakuwa a Merle. "Ukuganiza kuti ndikanamupatsa? Mdzukulu wanga?"

"Mukanachotsa ndi chiyani? Ndi mano ogulawo? Kachitsulo kanu kozulira zipolopolo kali m'kabati yanga pamodzi ndi masipuni kuyambira chaka chatha."

"Ndikanamuuza m'galimoto."

"Pakamwa mwakhala napo kuyambira Lachinayi. M'khitchini muja munali napo. Munaona mwana atanyamula imfa m'manja, inu n'kuyang'ana ine. Mumaopa ine kuposa maliro ake!"

"Ukanapanda kundilondalonda ngati wapolisi, kansalu kakanakhala pamalo pake, mwanayu sakanathira! Zaka makumi asanu ndi limodzi kansalu kaja sikanapweteke munthu. Wabwera iwe ndi Lachinayi lako..."

"Ee, ndiye ndamasula ndine? Tulutsani. Kali kuti?"

A Merle anapuma mwamphamvu, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kansalu kofiira, kopindidwa bwinobwino.

Tess anakayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, munandiuza kuti kansalu sikanama."

Nkhalamba ija inasowa poyang'ana. Inayang'ana matayala, inayang'ana phiri.

"Kansalu sikananame," inatero. "Ndinafuna kuti amako atseke pakamwa, basi."

"Ndiye pakamwa pangapo ndi pamene patsala ndi mwana wamoyo," anatero Darla. Anawalanda kansaluko. "Tsopano timvane. Aka ntchito yake yatha. Kuyambira lero, mukabwera kutchire muziwombera pachitsa ine ndikumva ndi makutu anga. Ndikapanda kumva, mfuti sikwera masitepe awa."

"Tsiku lililonse? Ndizitsuka tsiku lililonse ngati mbale?"

"Ngati mbale."

"Ndiye ndizitsukira m'khitchini. M'galaja muja zala zimauma."

"M'khitchini, zenera lotsegula."

"Kuzizira konseku?"

"Valani chipewa. Ndipo Tess sapita lero."

"Amayi!"

"Apita masana," anatero a Merle. "Mfuti ikhala itauma. Usamulange mwana chifukwa cha ine."

Darla anayang'ana mwana wake. M'maso mwa Tess munalibe zofuna kubwerera m'nyumba.

"Masana," anatero Darla. "Athire yekha, ayeze yekha, ine ndikuona. Inu manja m'thumba."

Ntchito yochotsa inatenga m'mawa wonse. Anamasula mwala, anathira madzi pakabowo kuti wonga ufe, n'kumangirira kachitsulo kozulira kunsonga ya ndodo. A Merle ankapotokola, Darla atapanikiza mfuti pa benchi ya m'galaja, aliyense akuuza mnzake kuti akugwira molakwika. Chipolopolo cha Tess chinatuluka mosavuta. Cha Lolemba chinakana mpaka nkhalamba inatuluka thukuta. Darla anazitola zonse ziwiri, anazitsuka, n'kuziika m'kasosala pambali pa mbale ya a Merle. Anadya chakudya chamasana zikuwayang'ana.

Mpope utauma, Tess anagwetseramo ndodo mulibe kanthu, n'kutenga mpeni wa amayi ake wosendera mbatata. Anadinda mzere pandodo pomwe mpope wathera. Anathira wonga, anatsendera chipolopolo, anadindanso mzere wachiwiri. Pakati pake panakwana zala zitatu.

"Ndodo yabwinobwino waiwononga," anadandaula a Merle.

"Manja m'thumba, agogo," anatero Tess osawayang'ana.

Darla anaponya makiyi pa tebulo. Galimoto itachoka, anatsegula chitseko cha mbaula n'kuponyamo kansalu kaja.

Dzuwa likulowa anamva galimoto ikukwera mtunda. Anasuzumira pazenera: kumbuyo kunalibe mbawala. Zitseko zinamenyeka. Anamva mawu a nkhalamba akunyinyirika, kenako a Tess, akuthwa ngati ake omwe. Darla anaima pasinki manja ali m'chiuno, akuwerenga mumtima. Akafika makumi asanu osamva kanthu, akakhoma chitseko.

Anali pa makumi anayi ndi ziwiri pamene mfuti inalira kuchitsa, makapu n'kugwedera pashelefu.

"Wamva, abwana?" anakuwa a Merle ali panja. "Kapena ndikuitanire ndi aneba omwe?"

Darla anateleka madzi, anakhuthulira mapepala a Khirisimasi m'bini, anaika chidebe pakati pa khitchini, n'kutsegula zenera mpaka pothera.