Ziro Awiri pa Chitupa cha Bambo

Lachinayi lija, mu 2008, ndinathamanga kuchokera ku Machipisa, mu Harare, mpaka ku holo ya tchalitchi, laputopu ikundimenya kumsana. Makombi, maminibasi athu aja, kunalibe, magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, ndipo kulembetsa anthu oti azilandira ufa kunali kutha 12 koloko. Pafoni mayi anangoti, "Bambo ako abwezedwa."

Ndinkagwira ntchito yolemba mapulagini ku bungwe lina lothandiza anthu. Tinali ndi chida chimene ukachilamula chimakupangira mafayilo onse a pulogalamu yatsopano, ndipo pulagini yanga ndi imene inkachiuza mmene fomu yolembetsera anthu ikhalire. Tinene kuti ine ndinkasema chikombole, anzanga n'kumaumba njerwa. Malo khumi ndi awiri mu Harare anali ataumbiramo kale, ine n'kumadzimva ukatakwe.

Mu holomo munali thukuta ndi phokoso. Bambo anga, a Jeremiah, anali pa benchi ya kukhoma, chipewa pabondo, pamodzi ndi anthu ena pafupifupi makumi atatu. Ambiri ndinkawadziwa, anzawo akale a m'mafamu. Ndinalunjika pa tebulo la kompyuta.

"Sisi Mazvita, mwachita bwino kubwera," anatero Francisca, kalaliki wa pamenepo. "Makina anuwa akulavula zitupa za anthu awa. Zonse zothera ndi ziro awiri."

Sindinafunikire kuona pakompyuta. Manambala awiri omaliza pa chitupa amasonyeza dera limene makolo a munthu anachokera, ndipo ife a makolo ochokera ku Malawi tili ndi ziro awiri. Polemba pulagini ija ndinakopera mndandanda wa madera onse, n'kulamula kuti nambala yosapezeka pamenepo ikanidwe. Poyesa ndinabwereka chitupa cha mnzanga Kudzanai, cha abwana, ngakhale cha mlonda wa pageti. Changa ayi. Chiyambire pamene anzanga a Fomu 4 anachiona n'kunditcha bwidi, dzina lonyozera ife a makolo a ku Malawi, chitupa changa sichituluka m'chikwama pagulu.

Pulaginiyo ndinaikonza nditaimirira, mzere umodzi wokha. Koma kukonza chikombole sikuwongola njerwa zouma kale. Mafayilo a pakompyuta ya Francisca anapangidwa mwezi wathawo, ndipo chida chija chinali chitamwaza lamulo langalo m'malo atatu. Ndinamulanda mpando Francisca. Kompyutayo inkayendera batire ya galimoto, ndipo batireyo inali itayamba kulira, kuchenjeza kuti moto ukutha.

Malo awiri ndinawapeza msanga. Achitatu anabisala. Koloko ya kukhoma inati kwatsala mphindi makumi awiri, mzere wonse unaima chifukwa cha ine, ndipo mayi wina kumbuyo anakuwa, "Sisi, tinabwera mbandakucha ife! Masewerawo kachitireni kwanu!"

"Tingowasinthira manambala omalizawo," Francisca anandinong'oneza. "Tilembe a dera la Murehwa kaya la Mutoko. Adzafufuza ndani?"

Nong'onong'o wa Francisca amamveka mpaka pakhomo. Bambo anadzuka n'kumuyang'ana.

"Mwanawe, zaka makumi anayi ndathyola fodya m'dziko lino ndi nambala yomweyi. Sindingabwereke kwawo kwa munthu chifukwa cha ufa."

Anavala chipewa. Ndinadziwa kuti akatuluka sabwerera, chikhalirecho kunyumba kunatsala kambale kamodzi ka ufa.

"Bambo, dikirani! Chonde, mphindi zisanu."

Ndinafufuza fayilo ndi fayilo mpaka ndinalipeza lamulolo m'kafoda kamene ndinakatcha ndekha dzina lopanda mutu. Ndinalifufuta, n'kulemba nambala ya bambo. Inalowa. A pabenchi onse anaimirira nthawi imodzi, ndipo Francisca, Mulungu amudalitse, anatembenuza mpando wake kufulatira koloko.

Titatuluka, bambo anayenda pang'ono, khadi lawo lolandirira ufa lili m'manja, kenako anaima.

"Iwe umadziwa za makinazi. Anawaphunzitsa ndani kuti ife kulibe? Mzungu?"

Bodza linali pafupi, ndipo akanalikhulupirira.

"Ndine, bambo."

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndinkachita manyazi kuyesera changa."

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Anaika khadi m'thumba la jekete, n'kumanga batani pang'onopang'ono.

"Amalume ako a Zebedee anabwezedwa polembetsa ku Epworth Lachiwiri," anatero. "Anayenda wapansi kudzandiuza kuti dziko lino latikananso. Tsopano ndikawauze kuti watikana ndani?"