Nthambi Panjira ya Mpikisano

Anyamata a kabaza ambiri ndi zitsiru, amangodziwa kuliza hutala ndi kugunda mbuzi za eni. Lonjezo wa ku Kachebere sanali choncho. Iyeyu njinga yamoto ankaimva ngati mwana wodwala. Ikangokhosomola, ankatsika n'kuyamba kuisisita.

Ntchito itachepa pa boda, ananyamuka kupita ku Joni. Kumeneko anakalembedwa ntchito yotsuka zitsulo pa galaja ya mzungu wina, a Phillip. Loweruka a Phillip ndi anzawo a kalabu ankathamangitsana pa njinga m'tchire. Malipiro panalibe, koma chikho chabe ndi nyama yootcha. Lonjezo ankangoima pambali, manja akuyabwa.

Anapempha kuti naye akwereko mpaka a Phillip anatopa naye.

"Tenga njinga yofiira yakale ija," anatero. "Ukafika m'gulu la atatu oyamba, uziikwera chaka chonse. Ukalephera, ndikupatsa wina, iwe ubwerere kukatsuka."

Davie wa ku Ludzi, mnzake wa pagalaja, anamumanga chisoti akuseka. "Aise, kuno kulibe pasinjala. Usakaime panjira kufunsa amayi ngati akupita ku chigayo."

"Iwe ngakhale wilibala imakugwetsa," anayankha Lonjezo.

Tsiku la mpikisano, atawakupizira mbendera, Lonjezo anaonetsa kuti anakulira m'misewu yathu yoipayi. Pamchenga pamene anzake ankapalasa miyendo ngati abakha, iye anangokhala kumbuyo kwa mpando n'kudutsa. Pokhota ankatsitsa phazi pang'ono, fumbi n'kuwasiyira eni dziko. Anadutsa anthu a njinga zatsopano, zovala zonyezimira, mpaka kutsogolo kwake kunatsala mmodzi yekha.

Ndiye chakumapeto, atangokhota, anaona nthambi zamasamba aawisi zitagona mopingasa njira.

Kwathu nthambi zotero ndi maliro. Wapagalimoto amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika, chipewa m'manja. Amene amadutsa akuuluka pamene mayi akulira mwamuna wake m'nyumba, ameneyo ndi galu, ndipo agalu otero achuluka masiku ano. Lonjezo analeredwa. Mutu usanaganize, dzanja linali litatseka kale mafuta, phazi lili pa buleki. Anadutsa pang'onopang'ono, maso akufunafuna nyumba ya siwa.

Kunalibe nyumba, kunalibe munthu. Inali mphepo chabe imene inathyola mtengo.

Njinga ziwiri zinamupitirira ngati mavu. Anatsegula mafuta onse, injini yakale ija inalira momvetsa chisoni, anawasendera mpaka tayala lake linatsala pang'ono kukhudza la wachitatu. Koma njira inatha. Anafika wachinayi.

A Phillip anabwera nkhope itafiira. "Njinga yavuta chiyani?"

"Njinga ilibe mlandu, bwana. Ndinaona nthambi. Kwathu ndiye kuti pafa munthu."

Davie, amene anali atakonzeka kale zomunena, anayang'ana pansi.

"M'tchire muno mufe ndani?" anafunsa a Phillip.

"Ndazindikira nditadutsa kale."

"Ndiye ulendo wina ukaziona udzapita ndithu?"

Apa wina akananama kuti apeze njinga. Lonjezo anavula chisoti, napukuta thukuta.

"Ayi, bwana. Dzanja ili silingaphunzire zimenezo, ndipo sindikufuna liphunzire. Koma mundilole tsiku la mpikisano ndizilawira, ndiziyenda njira yonse wapansi, ndizichotsa nthambi ndekha. Zikachoka, mudzaona."

"Njira yonse? Wapansi?"

"Kwathu imeneyo ndi ya kumunda."

A Phillip anayang'ana njinga, anayang'ana mnyamatayo. Mawu awo anali atatu oyamba, ndipo sanali munthu wobweza mawu. Anatulutsa kiyi pa njinga, naiponyaponya m'dzanja nthawi yaitali.

"Chaka chonse iwala," anatero. "Mpikisano umodzi wokha. Ukaitsuke, yadzaza matope."

Lonjezo anawakha kiyi ndi manja awiri.