Makolala a Malemu

Amuna anga anagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Zaka zonsezo sanatulukepo pakhomo ndi kolala yogona. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti ndine waulesi.

Anasiya malaya oyera asanu ndi amodzi. Patangotha sabata chiwaikireni m'manda, mng'ono wawo anabwera kudzandiona atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Anatenga malaya onse, nsapato zakuda ndi lamba. Mataye anawasiya chifukwa sadziwa kumanga. Ine ndinangoyang'ana. Mphamvu zokangana ndinalibe, komanso mumtima ndinati basi, simbi ipume, msana wanganso upume.

Unapuma masabata awiri.

Loweruka m'mawa ndikusesa pakhonde, ndinangoona alamu aja ali pageti ndi jumbo m'manja. Alamuwa ndi mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Ntchito yawo ndi kunyamula mapepala kuchoka pa tebulo ili kukasiya pa tebulo ilo.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Malayawa akukusowani."

"Malaya sasowa munthu."

"Taonani nokha."

Anatulutsa amodzi. Kolala inali itagwa ngati khutu la galu wodwala, kunsonga kuli chikasu. Pamkono panali mizere iwiri, wina uku wina uku, ngati njanji.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Mayi akunyumba. Amayesetsa, koma dzanja alibe. Achimwene akanaona akanalira."

Achimwene awowo sakanalira. Akanangovula n'kukhala pampando chete, zimene zinkandiwawa kuposa kukalipidwa. Ndinalanda jumbo ija.

Anthu amaganiza kuti kusita ndi kungoyendetsa chitsulo chotentha pansalu. Ayi. Sitachi umayamba waisungunula m'madzi ozizira, kenako n'kuthira owira ukutakasa mpaka iyere mbee, uziona pansi pa beseni. Ukachita ulesi ituluka mibulu, ndipo mibuluyo ikakumana ndi simbi ndiye chikasu chija. Umanyika kolala, mapeto a mikono ndi pachifuwa pamene pali mabatani. Malaya onse ayi, munthu si katoni. Umayanika, n'kuanula asanaumitsitse, n'kuwakulunga m'thaulo kuti chinyezi chifike ponseponse. Kolala umayambira kumbuyo kwake, kuchokera kunsonga kupita pakati. Ukachokera pakati, makwinya onse akathera kunsonga, pamene bwana amayang'ana. Makala a m'simbi akhale ofiira, opanda utsi, ndipo phulusa umakapeperera panja.

Ndinatha dzuwa litapendeka. Alamu anali atagona pampando wa malemu, atamwa kale tiyi makapu awiri.

Loweruka linalo anabweranso. Linalo anabweranso. Sanafunsenso, ankangokoleka jumbo pa chitseko n'kukhala pansi.

"Alamu, kashuga kachepa."

Ndinawerengetsa ndekha usinkhu wawo. Munthuyo ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, samwa mowa, sadwala ngakhale chimfine. Ndinaona kuti ndidzafa ndi simbi m'manja, ndikusitira mwamuna amene sanandikwatire. Kukana maso ndi maso ndinayesa kamodzi. Anandiyankha kuti, "Si za inetu izi, alamu, ndi ulemu wa malemu." Mwana wanga wamkazi pa foni nayenso anati, "Amayi, musayambane ndi achibale a adadi chifukwa cha malaya." Iyeyo amavala zovala zija zosafuna kusita.

Ndiye ndinaganiza zowalanga. Ndinathira sitachi ya malaya khumi pa malaya amodzi. Atauma ndinawaimika pa tebulo, anaima okha. Kolala ndinaigogoda ndi chala, inalira ngati chitseko. Ndinati izi zikawacheka khosi, aleka okha.

Loweruka anabwera khosi lili lofiira, akutembenuka thupi lonse akafuna kuyang'ana kumbali. Koma mano onse ali panja.

"Alamu, Mulungu akudalitseni! Abwana andichotsa kumapepala. Akuti munthu wooneka chonchi azikhala pakhomo polandira alendo."

M'jumbo munali malaya asanu ndi anayi. Awiri anali atsopano. Amodzi anali aakulu ngati chinsalu cha pawindo.

"Awa ndi a ndani?"

"A dalaivala wa abwana. Ndamuuza kuti alamu anga alibe vuto, amangokhala."

Amangokhala. Lolemba m'mawa, nditadziwa kuti apita kukalandira alendo awo, ndinanyamula simbi, paketi ya sitachi ndi thaulo, n'kukwera basi kupita kunyumba kwawo. Ndinati mkazi wawoyo ndimuphunzitsa, afune asafune, ngakhale zitenge mwezi.

Ndinamupeza atakhala pampando pakhonde, miyendo ili pa ndowa yovundikira, akudula zikhadabo. Ndi mayi wonenepa bwino, wofatsa, wosakonda kuyankhula pagulu.

"Achemwali, takulandirani. Simbiyo mukupita nayo kokonzetsa?"

"Ndabwera kudzakuphunzitsa kusita. Dzuka, wiritsa madzi."

Sanadzuke. Anamaliza kaye chala chimene anali nacho.

"Achemwali, ine ndisanakwatiwe ndinagwira zaka zinayi kochapira zovala za chipatala. Mayunifomu a manesi, tizisoti tawo tija toima, ndinkasita ndine."

"Nanga njanji zija?"

"Zijatu zimafuna luso. Mzere wachiwiri uyenera kuoneka ngati wangozi."

Ndinakhala pansi pa sitepe.

"Chaka choyamba cha ukwati ndinawasitira bwinobwino," anatero. "Anayamba kundibweretsera za abale awo, za anzawo a kwaya. Tsiku lina ndinawotcha thumba la malaya. Analira sabata imodzi, kenako anayamba kuvala masikipa. Takhala mwamtendere mpaka pamene anakatenga malaya a malemuwa."

"Ndiye unaona kuti katunduyo agwere ine?"

"Ndinkayesa mukana. Inuyo anthu amakuopanitu."

Ndinamutukwana. Sindilemba pano zimene ndinanena. Iye anangomvetsera, kenako anandipatsa madzi akumwa. Nditamwa ndinamuuza kuti, "Chabwino. Ndionetse."

Tinayala bulangete pa tebulo lawo lodyera. Anatulutsa malaya akale a mwamuna wake kuti tiphunzirirepo. Ndinagwira simbi, ndinati ndiyambire pakati pa kolala. Dzanja linapita lokha kunsonga. Ndinayesanso, linapitanso kunsonga.

"Achemwali, mukukonzatu apa."

"Ndikudziwa! Khala chete."

"Musayang'ane malayawo. Yang'anani pawindo, muziganiza zina. Ganizani za dalaivala."

Ndinaganiza za dalaivala. Kolala inatuluka ndi kakhwinya kamodzi kunsonga.

"Eya, mwayamba. Koma kamodzi sakaona, amuna anga maso awo ndi a patali. Sitachi musatakase, isiyeni ndi mibulu yake. Mkono mukasita, muutembenuze, muusunthe pang'ono ngati chala chimodzi, musitenso. Koma musawononge onse tsiku limodzi, adziwa. Yambani ndi awiri."

Tinatha malaya atatu. Pomaliza anayang'ana ntchito yanga n'kunena kuti pa munthu woyamba kumene, si zoipa.

Sabata imeneyo ndinawononga malaya a dalaivala ndi amodzi atsopano. Alamu anangoti tsinya. Malaya a dalaivala sanabwerenso, koma enawo anabwera. Ndinaona kuti atsopano sakuwapweteka mokwanira. Amene ankawanyadira ku ofesi anali a malemu, a nsalu yolemera ija.

Ndinatenga amene amuna anga ankavala kukakhala phwando lalikulu ku hotela. Ndinawayala pa bulangete. Ndinaima nthawi yaitali mpaka makala anayamba kuzirala, ndinachita kukapepereranso. Kenako ndinayang'ana pawindo.

Alamu anawanyamula m'mwamba, kuwatembenuza uku ndi uku. Kolala yachikasu, nsonga yopindika, njanji mikono yonse iwiri.

"Alamu, maso ayamba eti?"

"Ayamba."

"Ndimaona ine. Ukalamba sulonjera. Pepani, takuvutitsani mayi wathu." Anapinda malaya aja n'kuika m'jumbo. "Musadandaule, sindiuza anthu."

Anauza anthu. Lachitatu ndili pamalo odikirira basi, mayi wina wa mumzere wathu wa nyumba anandigwira mkono, akundiyankhula mokweza ngati ndagonthanso m'makutu. Nthawi yomweyo kutsidya kwa msewu kunadutsa alamu, akuthamangira basi yawo, atavala malaya aphwando aja. Mizere iwiri ija inkaoneka ngakhale uli patali.

"Kodi si malaya a malemu awo?" anafunsa mayiyo. "Mayo ine. Wawachita chonchi ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumene kumachokera basi.

Loweruka ndinadzuka m'mawa, ndinasesa, ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa linafika pamutu. Pageti sipanabwere munthu. Tiyi ndinamwa ndekha, ndi shuga wokwanira, ndili wokwiya kwambiri.