Wotchi ya M'chitini cha Tiyi

"Muigwire bwino, Che Mahamudu, ndi yokhayo," anatero Loness uku akumasula mfundo ya nsalu yake.

Unali mwezi wa Disembala, chaka cha 2008. Pamsika wa Hauna, ku Zimbabwe, panali nthochi zokhazokha, chifukwa nthochi ndizo zinali zisanathawire kunja ngati anthu. Mahamudu, mkulu amene anagwira ntchito zamagetsi kufakitale ya tiyi zaka makumi atatu, ankakonza mawailesi ndi mawotchi pakhonde la sitolo yopanda katundu. Anaitembenuza wotchiyo, nkuiika pakhutu.

"Mai Pardon, iyi idafa kalekale. Mwayenda ulendo wonsewu kudzandionetsa maliro?"

"Sindikufuna kuti iziyenda ayi. Yasiya kuwala."

Wotchiyo inali ya malemu mwamuna wake, Tobiyasi, mphatso ya kampani atathyola tiyi mpaka msana kupindika. Mivi yake inaima, koma mumdima inkawala mobiriwira. Mwana wawo Pardon, tsiku lomwe ankanyamuka kukakumba ngoda, miyala ya dayamondi ya ku Chiadzwa, anaipachika pamsomali pafupi ndi zenera. Anaseka nkuuza mayi ake kuti, "Mhai, musandilirire. Ikamawala iyi, mudziwe kuti ndili bwino." Mwana ankangocheza, koma mawu a mwana amene wapita mayi sawatenga mocheza. Miyezi khumi inadutsa popanda kalata kapena uthenga. Ena a m'komboni anabwerako ndi mabala, ena sanabwere. Loness sankalira, poti wotchi inkawala.

"Yasiya liti?" anafunsa Mahamudu.

"Lero yakwana sabata. Chakudya sichikulowa, achimwene. Ndiuzeni zoona, mwanayu wafa?"

"Dikirani kaye. Mumaisunga pati?"

Loness anafotokoza. Ataona kuti sopo watha, mchere watha, parafini watha, anachita mantha kuti kuwalako nakonso kutha mwana asanabwere. Iye anakulira m'chipinda cholongedza tiyi, kumene mwana aliyense amadziwa kuti chinthu chabwino sichionetsedwa dzuwa. Choncho anaikulunga wotchi m'kansalu, nkuitsekera m'chitini cha tiyi, chitinicho pansi pa bedi.

Mahamudu anaseka mpaka kutsokomola. "Maiwe, anthu a tiyi inu. Mukanatha mukanatsekera ndi mwezi womwe m'chitini."

Anaiika wotchi pachipupa pomwe dzuwa linkawomba, nayamba kulongosola. Kunena zoona, mkuluyu ankakonda kudziwa kwake kuposa mmene ankakondera tiyi wa shuga. Anati pamivi pamapakidwa ufa wotchedwa zinki salufaidi. Ufawo umamwa kuwala, kenako umakutulutsa pang'onopang'ono. Ukausiya mumdima umaguga ndi njala ngati munthu.

"Ndaugwira ndi manja angawa," anatero. "Kufakitale tinkaupaka pamasitepe ndi pamageji a makina oumitsira tiyi, kuti magetsi akazima munthu asathyoke mwendo. Umalowanso mupenti woyera, ndi m'galasi la wailesi yakanema. Bwerani muone."

Anavula jekete, nkufunditsa mitu yawo iwiri pamodzi ndi wotchi, anthu a pamsika akuyang'ana. Mumdima wonunkha girisi uja mivi inawala, mowala kuposa kale lonse. Loness anafuula pang'ono, misozi nkutsika. Mtima wake unakhala pansi koyamba m'masiku asanu ndi awiri.

"Mwaona? Palibe za maliro apa. Ndi dzuwa basi," anatero Mahamudu monyadira, akuvalanso jekete.

Loness anapukuta maso. Anayang'anitsitsa wotchi ili m'manja. Chimwemwe chija chinayamba kuchoka pankhope pake.

"Ndi dzuwa basi," anabwereza. "Ndiye kuti ngakhale mwana atafa, ikaona dzuwa iwala?"



"Yankhani, achimwene. Miyezi yonseyi, inkawala chifukwa cha zenera?"

"Chifukwa cha zenera," anavomera motsitsa mawu. "Ufa sudziwa munthu, chemwali. Pepani. Pakamwa panga pathamanga."

Amati safunsa adadya phula, koma tsiku limenelo wofunsayo ndiye analidya. Loness anabwera akuopa kuti wotchi yamuuza zoipa, ndipo anapeza kuti sinamuuzepo kanthu chiyambire. Zinamupweteka kwambiri. Anaganiza za miyezi khumi imene anakhala phee pakhomo, akudya, akuthyola tiyi, akuuza anzake kuti mwana ali bwino, pamene amayi ena ankayenda m'zipatala ndi zithunzi za ana awo.

Tsidya la msewu, anyamata ankakweza mikoko ya nthochi mulole ya Josiya, imene inkapita ku Mutare, mzinda waukulu wa kufupi ndi Chiadzwa, masana omwewo.

"Josiya uja mumadziwana naye?" anafunsa Loness.

"Ndinamukonzera wailesi. Koma Mai Pardon, kumene mukufunako nkoopsa. Mulibe ngakhale chofunda."

"Ndikayambira kuchipatala chachikulu. Akapanda kupezeka m'mawodi, ndikapempha andionetse kwinako." Sanathe kutchula dzina la malowo. "Mukamuuze andisiyire pokhala pamwamba pa nthochi."

Mahamudu anapita, nabwera ndi yankho loti malo alipo. Anafuna kum'bwezera wotchi, ataikulunga kale m'kansalu kake. Loness anaimasula, nkuiika yekha pachipupa paja.

"Iyi ikhale ndi inu. Muziiyanika tsiku ndi tsiku, musaiwale."

"Nanga mwamva kale kuti sidziwa kanthu?"

"Ndamva," anatero Loness, akumanga nsalu m'chiuno. "Koma mwana akabwera ine ndili kunjira, adzafunsa. Aipeze ikuwala, asadzati amake anataya mtima."

Anawoloka msewu osacheuka. Lole itanyamuka, Mahamudu anasuntha wotchi ija pang'ono, chifukwa mthunzi wa sitolo unali utayamba kuifika.