Banga la Nduna

"Akakufunsa uziwauza kuti ukadali ku yunivesite," anatero mayi Edness uku akusita malaya akuda. "Lero lokha, Chiso. Mtembo wa bambo ako ukakwera ndege, udzanene zimene ukufuna."

Chiso anali atakhala pa kapeti akupesa Nduna, mphaka wa malemu, amene chimwalirireni mbuye wake palibe anali atamukhudza. Masana amenewo anthu a kutchalitchi ankabwera kunyumba kwawo ku Gaithersburg, ku America, kudzapepesa, ndipo onsewo ankadziwa kuti mwana wa a Medson akuphunzira udokotala ku Foggy Bottom. Koma Chiso sukulu inamukanika kalekale. Ankanyamula makatoni m'sitolo ina ku Columbia Heights.

"Ndatopa nalo bodza limeneli, amama. Mwini wake wapita, ine ndizilisenzabe?"

"Ukufuna uwavule ali m'bokosi?"

"Iwo anandivula ndili moyo."

Mayi Edness anaika simbi pansi mwamphamvu.

Chiso mphakayu ankadana naye, tisabise. Anali wa mtundu wa British Shorthair, wotuwa ngati phulusa, ndipo a Medson akayamba kumutama, tiyi ankazizira m'makapu. Onani mutu, wobulungira bwinobwino. Masaya odzaza, makutu aang'ono otalikirana, miyendo yaifupi yamphamvu, maso ngati mkuwa wopukuta. Ankalowetsa zala za alendo mu ubweya wake waufupi wothithikanawo kuti amve okha mmene ukubwererera. "Oweruza safuna ngakhale katsitsi koyera kamodzi," ankatero. "Kakangopezeka, basi, watuluka mumpikisano." Maliboni amene Nduna anapata m'mipikisano ya amphaka anadzaza khoma la pabalaza. Chithunzi cha Chiso chinali chimodzi, cha ku sekondale, cha pafupi ndi khomo la kubafa.

Chiso anamutembenuza mphakayo kuti apese kumimba. Chipeso chinaima.

Pachifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo, panali banga loyera, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Chiso anapakapo malovu n'kutikita. Chala chinada, bangalo linayera kwambiri.

"Amama, ichi n'chiyani?"

Mayi ake anangoyang'ana kamodzi, osadabwa. Anatsegula kabati ya pansi pa TV n'kutulutsa kachitini ka ufa wotuwa ndi kaburashi.

"Anabadwa nalo. Bambo ako analiona atafika naye kale kunyumba. Womugulitsayo anati amubweze, iwo anakana."

"Ndiye maliboni onsewa ndi akuba?"

"Usatero."

"Koma abale! Ndi mphaka yemwe?" Chiso anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa, mpaka misozi inalengeza. "M'nyumba muno munalibe chimene chinawakwanira eti?"

"Ankamupaka m'mawa uliwonse, asanamwe ndi tiyi yemwe," anatero mayi Edness. "Kaya kuli mpikisano, kaya tili tokhatokha. Ndinawauzapo kuti a Medson, mphakayu ndi wokongola momwemo. Anati, 'Ndikudziwa, koma anthu sadziwa kuona.' Kwa iwo kumeneko kunali kukonda. Njira ina sankaidziwa."

Panja panamveka zitseko za galimoto, kenako mawu a azimayi akuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi.

Mayi Edness anagwada kuti apake, koma ufa unangotayikira pa kapeti. Anayesanso, osatheka. Chiso anawayang'ana mokwiya. Kenako anawalanda kaburashiko. Nduna anakweza yekha chibwano n'kutsinzina, kudikira monga anazolowerera. Chiso anapaka mpaka bangalo linasowa.

Anavala malaya akudawo n'kukatsegula chitseko. Patsogolo panali a Bongani, mkulu wa mpingo amene kwawo kunali ku Lusaka, chipewa chili m'manja.

"Adokotala athu, pepani maningi. Atate anu anali kunyada na imwe."

Chiso anapukuta chala chakudacho pa thalauzi, n'kuwapatsa dzanja.

"Zikomo, bambo. Lowani."