Malaya a makumba a Fainess

Dzuwa likafika paliwombo ku Hara, minda ya mpunga imagwedezeka ngati ili pansi pa madzi. Nthawi imeneyo Fainess ankakhala m'mphepete mwa damu lake la nsomba, mapazi m'madzi, n'kumawaza madeya osakaniza ndi adyo wosinja. Makumba ankabwera mwakachetechete. Akatsinzina pang'ono ankawaona ngati anthu a kwaya, aliyense m'malaya onyezimira, akuyimba osamveka.

Ku kalabu ya alimi a nsomba anamva kuti nsomba imabadwa ndi chitetezo chake, ndipo choyamba ndi kuterera kwa pakhungu paja. Adyo sachiza, amangodzutsa chitetezocho tizilombo tisanafike.

Bambo ake anali atanena kale kuti nsomba zikafanso ngati chaka chatha, damulo alikwirira adzalepo mpunga. Chonsecho tomato wa mlongo wake Allan ankapserera chaka ndi chaka, koma dimba lake palibe ankalitchula.

Tsiku lopatula nsomba zazikulu, amalume ake, a Golden, msodzi wa ku Ngara, anabwera kudzathandiza. Fainess pobwera kotunga madzi anawapeza akugwira nsomba ndi thumba louma, ngati mmene amachitira m'bwato, kuti isapulumuke.

"A sibweni! Mukuzivula malaya!"

"Iwe, ndinayamba kugwira nsomba amayi ako akadali ndi mamina."

"Zoti zife! Yamoyo munayamba mwasungapo?"

Sabata isanathe, zilonda zofiira zinaphuka pa nsomba zomwe thumba linakhudza. Zina zinayandama chagada, zoyera ngati akakowa akutali. Zosakhudzidwa zinkangozungulira pansi.

Bambo ake anafika ndi khasu, a Golden ali pambuyo.

"Adyo wakoyo wazipsereza," anatero bambowo. "Choka, ndigumule."

Fainess analumphira m'damu, madzi mpaka m'chiuno. "Gumulani, adada! Mundidzale pamodzi ndi mpunga wanuwo. Mukatha mukagumulenso kwa Allan!"

A Golden anavula nsapato, n'kutsikiramo. Ananyowetsa manja nthawi yaitali, kenaka anatola nsomba imodzi yopanda chilonda. Inatsetsereka pakati pa zala zawo. Sanaithamangire, anangoyang'ana madzi akudzitseka.

"Alamu," anatero, "zodwalazi ndi zomwe ndinagwira ine. Khasu lanulo liyambe ndi manja angawa."

Bambo ake a Fainess anaima, nkhope yawo ikusweka ndi kulumikizananso pamwamba pa madzi. Kenaka anakoleka khasu paphewa.

"Mpaka mvula yoyamba," anatero. "Tuluka, ukuvundula madzi."